Bilimankhwe Wobwereka

“Agogo, bwanji m’munda mwanu simulira kanthu?”

Anafunsa motero ndi Deliwe, mdzukulu wa a Langton, chaka china atabwera kutchuthi kuchokera ku Blantyre. Anali ataima pakati pa mitengo ya manachesi, khutu atatchera. A Langton anamuyankha kuti munda si tchalitchi kuti muzimveka nyimbo, n’kupitiriza kusesa.

Kusesako sikunali kwamasewera. A Langton anali ndi mitengo ya manachesi makumi anayi ndi itatu kumudzi kwawo kwa Nthache, ndipo pansi pa mitengoyo pankayera ngati pabwalo la ofesi. Tsamba likagwa m’mawa silinkafika masana. Udzu ukangotulutsa mutu unkakumana ndi khasu. Kawiri pa mwezi ankabereka mpope wa mankhwala n’kupopera mtengo uliwonse, kaya uli ndi tizilombo kaya ulibe, poti ankati kudikira kuti tizilombo tioneke kaye n’kuchedwa.

Kuseri kwa mzere wa khonje womwe unali malire kunali munda wa a Tinenenji, mayi wamasiye wosachedwa kuseka. M’munda mwawo munali manachesi, inde, komanso nandolo, maungu oyanga m’mitengo, chisoso, bonongwe ndi mapesi owolerana pansi. A Langton ankautchula kuti thengo la aneba. Chovuta chinali chimodzi. Manachesi a m’thengomo ankalemera mpaka nthambi kuzichirikiza ndi mphanda, pamene mitengo ya a Langton inkachita maluwa oyera mbee, fungo mpaka kumsewu, kenako maluwawo n’kuyoyoka, zipatso n’kutsala zowerengeka. Iwo ankati madzi a mvula amakokolola chonde chawo kupita nacho kwa aneba, ngakhale kuti munda wa anebawo ndi umene unali kumtunda.

M’mwezi wa Malichi, alangizi a zaulimi anabwera kumsonkhano wa kalabu ya alimi a zipatso, momwe a Langton ndi a Tinenenji anali mamembala. Alangiziwo anali a Lusayo, bambo wa ku Karonga wogwira ntchito pa boma, wolankhula pang’onopang’ono ngati akuyeza mawu pa sikelo. Anatulutsa foni yaikulu ya galasi n’kuiika patebulo.

“Foni iyi ndi ya kalabu,” anatero a Lusayo. “Iziyenda. Aliyense akhala nayo tsiku lake. Mujambule chamoyo chilichonse chimene mwachipeza m’munda mwanu, gulugufe, kangaude, chule, chilichonse. Foniyi ikuuzani dzina lake, ndipo ilemba yokha malo amene mwajambulira. Zithunzizo zizifika kwa ine.”

“Ndiye tikajambula tipindulanji?” anafunsa a Vincent, wapampando wa kalabu.

“Pakatha masabata anayi tibweretsa ming’oma ya njuchi isanu ndi umodzi. Koma tiika m’minda imene muli zamoyo. Mmene simukhala kangaude, njuchi nazonso zikafa. Ndipo dziwani kuti maluwa osayenderedwa ndi njuchi ambiri amangoyoyoka.”

Mawu otsirizawo anawalowa a Langton mpaka m’mafupa. Sanayang’ane munthu, koma pobwerera kunyumba anali atasankha kale pamene adzaike ming’oma yawo iwiri.

Tsiku lawo la foni linali Lolemba. Analowa m’munda dzuwa likungotuluka, atavala jekete, poti ankaona kuti iyi ndi ntchito ya boma. Anayendera mitengo yonse makumi anayi ndi itatu. Anatembenuza masamba, anasuzumira m’makungwa, anagwada n’kufukula dothi ndi kamtengo. Pofika masana anali ndi zithunzi zitatu: ntchentche ya m’nyumba, chala chawo chachikulu chimene foni inati sikuchidziwa, ndi nkhuku yawo yathadzi.

Lachinayi pamsonkhano a Lusayo anaonetsa zithunzi za aliyense. Atafika pa nkhuku anaima.

“Nkhuku ndi chamoyo ndithu, a Langton, sindikukana. Koma sitikuiwerengera.”

“Imakhala m’mundamo tsiku lonse.”

“Inunso mumakhalamo tsiku lonse.”

Anthu anaseka mwaulemu, ena n’kuyang’ana pansi. A Tinenenji sanayang’ane pansi.

Lolemba lotsatira a Langton anadikira mpaka a Tinenenji atapita kuchigayo, n’kulumpha khonje. Zimene anaona m’thengomo zinawadabwitsa. Tsamba lililonse linali ndi mwini wake. Anajambula agulugufe a mitundu inayi, akangaude, mavu, buluzi, nyongolotsi, mpaka batire linatsala pang’ono. Anabwerera kwawo mtima uli m’malo. Anali ataiwala kuti foni imalemba malo.

Lachinayi a Lusayo analengeza kuti munda wa a Tinenenji waposa yonse, ndipo mwa zithunzi zake, makumi awiri ndi zisanu zinajambulidwa tsiku la a Langton.

A Tinenenji anaimirira, nakonza chitenje. “Ndithokoze aneba anga pamaso pa nonse. Ine maso anayamba kuvuta. Iwo ataona choncho asiya munda wawo n’kudzandijambulira wanga. Anthu otere asowa masiku ano.”

Kalabu inaomba m’manja. A Langton analandira kuombako atakhala osagwedezeka ngati munthu amene akumetedwa.

Masiku awiri anaganiza. Sanali munthu wachinyengo, ndipo akadamva wina akuwatchula choncho akadadwala. Maganizo awo anayenda motere. Foni imadziwa pamene munthu waima, koma sidziwa kwawo kwa kachilombo. Ndipo m’mudzi muno, kukamabwera alendo olemekezeka, munthu amabwereka mipando, mbale zadothi, ngakhale nsalu ya patebulo. Palibe mlendo anatembenuzapo mpando kuti aone dzina la mwini wake. Foni ya boma ndi mlendo. Kulandira mlendo m’munda mopanda kanthu ndiye manyazi.

Lolemba m’mamawa anaodira pakhomo pa a Tinenenji atanyamula beseni ndi kansalu kovundikira.

“Mwadzuka bwanji aneba?”

“Ndadzuka, kaya inu? Beseni la chiyani m’mawa uno? Ufa watha?”

“Ufa ulipo.” A Langton anatsokomola. “Ndabwera kudzabwereka tizilombo.”

A Tinenenji anawayang’ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi pakhonde, chifukwa miyendo sikanatha kunyamula kuseka kumene kunkabwera.

“Tizilombo take titi? Tomwe tija mumati tikuchokera kuthengo kwanga kudzakuonongerani munda?”

“Tochepa chabe. Ndibweza lero lomwe.”

“Mukufuna toyenda kapena touluka?”

“Touluka tingandithawe.”

Atapukuta misozi, a Tinenenji anawatengera m’munda. Anawapatsa chule mmodzi, bongololo, chiswamphika wobiriwira ndi nyongolotsi zitatu. Kenako anaima pa mtengo wa nandolo n’kuloza. Panali bilimankhwe wamkulu, mchira wake wopindika kunsonga ngati mbedza, pomwe unathyokera kale.

A Langton anabwerera m’mbuyo masitepe awiri. Kuyambira ali mwana bilimankhwe ankamuopa kuposa njoka. Njoka imathawa. Uyu amangokuyang’ana, diso limodzi kwa iwe, lina kwa makolo ako.

“Ameneyo musiyeni,” anatero.

“Ameneyu ndiye mfumu ya zithunzi. Amadya ntchentche zoboola zipatso. Alangizi akamuona agwa naye m’chikondi. Koma mvetsani, aneba. Mubweze dzuwa lisanafike pamutu, onse amoyo. Ndipo musamuike pa tsamba lopopera. Mumuike pa nthambi youma.”

A Langton ananyamula bilimankhweyo pa nsungwi yaitali, mkono atautambasula ngati akuyatsa moto wa petulo. Kujambula kunatenga maola awiri. Chule ankalumpha nthawi iliyonse akadina. Bongololo anadzipinda n’kukana kumasuka. Bilimankhwe yekha ndiye anaidziwa ntchito. Anagwira nthambi, nakweza mwendo umodzi, n’kuima choncho mpaka a Langton atakhutira.

Lachinayi a Lusayo anayang’ana chithunzicho nthawi yaitali.

“Bilimankhwe m’munda mwa a Langton,” anatero. “Zinthu zikusintha mofulumira.”

A Langton anagwedeza mutu modzichepetsa.

M’mudzi nkhani siigona malo amodzi. Loweruka a Vincent, amene munda wawonso unali wopopera, anafika kwa a Tinenenji ndi ndowa. Lamulungu potuluka m’tchalitchi, a Flossie, msungichuma wa kalabu, anawakokera pambali a Tinenenji n’kuwanong’oneza. Pofika sabata yachinayi, bilimankhwe anali atajambulidwa m’minda isanu ndi inayi. Ndipo popeza ena onse ankamuopa kwambiri, wonyamula anali a Langton, amene tsopano ankatengedwa ngati katswiri. Ankamuika m’beseni pa kanthambi, n’kuvundikira ndi nsalu, n’kumanga beseni pakaliyala ya njinga. Anthu akakumana nawo panjira ankapatuka, n’kufunsa kuti, “Bwanawo ali bwanji lero?”

A Tinenenji anayamba kudandaula. “Mwandiondetsera nyama yanga. Wayenda kuposa minibasi ya ku Blantyre. Dzulo wabwera ali wotuwa ngati phulusa.”

“Kwatsala Lachinayi limodzi, aneba. Ming’oma ikangobwera apuma.”

Lachinayi limenelo a Lusayo anafika ndi nkhope yosangalala.

“Zithunzi zanu zatidabwitsa ku ofesi,” anatero. “Sitinaonepo dera la abilimankhwe ochuluka chonchi. Ndisanagawe ming’oma ndikufuna ndiwaone ndi maso anga. Lachiwiri m’mawa ndiyendera minda. Ndiyambira kwa a Vincent, kenako kwa a Flossie, kenako kwa a Langton, n’kumapita choncho.”

Njinga yamoto ya alangizi itazimiririka, a Flossie anawerenga ndi zala.

“Minda isanu ndi inayi,” anatero a Flossie. “Bilimankhwe mmodzi.”

“Tingosaka ena,” wina anatero.

“Akasakidwe kuti? Inu munamuonapo wina chaka chino?”

A Vincent anatola kamtengo n’kuyamba kujambula pansi. Alangizi amayenda pa njinga yamoto, choncho ayenera kuzungulira ndi msewu. Njira za mapazi n’zachidule. Alangizi akamaliza kuona bilimankhwe pamunda woyamba, mwini munda awachedwetse ndi thobwa. Pamenepo a Langton atenge bwanayo, adutse chidule, akamukhazike pamunda wachiwiri. Zikatero mpaka minda ithe.

“Makapu asanu ndi anayi a thobwa munthu mmodzi?” anafunsa a Tinenenji.

“Ndi wa kumpoto, sakana chakudya cha eni mudzi,” anatero a Vincent.

A Langton sanakonde dongosololi. Kubwereka mpando ndi nkhani ina, koma kuthamanga ndi mpando womwewo kutsogolo kwa mlendo kuti aupezenso nyumba yotsatira, pamenepo mtima wawo unkakayika. Koma akakumbukira maluwa oyoyoka aja, ankangoti mwina palibe kusiyana kwenikweni.

Lachiwiri zinayamba bwino. Kwa a Vincent, a Lusayo anapeza bilimankhwe pa nthambi, namuyang’ana, nalemba m’kabuku. Anakhala pansi kumwa thobwa. A Langton, amene anabisala kuseri kwa nkhokwe, anatuluka chowerama, nanyamula bwanayo ndi nsungwi, n’kupalasa njinga ngati mnyamata. Kwa a Flossie anafika nthawi yabwino. Anamva a Lusayo akunena kuti, “Uyunso ndi wamkulu bwino,” ndipo a Flossie akuyankha kuti, “Amadya bwino kuno.”

Njira yochoka kwa a Flossie kupita kwa a Langton imawoloka kamtsinje, ndipo mwezi umenewo madzi anali m’mawondo. A Langton anavula nsapato, nasenza njinga paphewa, beseni lili pomwepo pakaliyala, pafupi ndi khutu lawo. Anaterereka kamodzi, chipewa n’kupendekeka, koma anawoloka. Anafika m’munda mwawo ali wefuwefu, namasula beseni, navundukula nsalu.

Munali kanthambi kokha.

Anayang’ana pansi pa beseni. Anayang’ana m’masipoko a njinga, pansi pa chishalo, m’matumba a jekete. Anabwerera m’njira masitepe makumi awiri akuitana motsitsa mawu, ngakhale sankadziwa kuti bilimankhwe amaitanidwa bwanji. Kenako anamva njinga yamoto. A Lusayo anali atakana kapu yachiwiri.

Alangizi anatsika, ndipo pambuyo pawo panafika a Vincent ndi a Flossie akuthamanga, a Tinenenji n’kutulukira pa khonje. A Langton anaima pakati pa munda wawo woyera, opanda nsapato, buluku lonyowa, beseni atalibisa kumbuyo.

“Mwaswera bwanji a Langton?” anatero a Lusayo.

“Ndaswera bwino, alangizi. Kungoti lero sanaoneke. Mwina wapita koyenda.”

A Langton anaona kuti anthu onse akuwayang’ana, koma osati kumaso. Ankayang’ana pamwamba pang’ono. A Flossie anali atagwira pakamwa. A Vincent ankayang’ana kumwamba, kenako pansi, kenako pamwamba pang’ono paja.

“Musagwedezeke,” anatero a Lusayo. Anatenga foni ya kalabu kwa a Vincent, naikweza, nadina. Kenako anaitembenuza kuti a Langton aone.

Pa galasipo panali a Langton, maso ali tong’o. Pa chipewa chawo panali bilimankhwe, mwendo umodzi uli m’mwamba, mchira wa mbedza utalendewera pafupi ndi khutu. M’munsi foni inali italemba dzina lake, ndi malo: munda wa a Langton.

A Langton sanakuwe. Analankhula milomo yokha ikuyenda.

“Aneba. Chonde. Dzamuchotseni.”

“Mwati chiyani? Sindikumva bwino,” anatero a Tinenenji.

“Mayi Tinenenji, ndapota nanu.”

A Tinenenji anabwera mosafulumira, natambasula dzanja, bilimankhwe n’kukwerapo ngati munthu amene wafika pa siteji yake.

A Lusayo anakhala pa chitsa. “Mchira umenewo ndinauzindikira pa chithunzi chachitatu,” anatero. “Malinga ndi mapu a mufoni, sabata yapitayi bilimankhwe ameneyu anayenda makilomita asanu ndi limodzi n’kuwoloka mtsinje kawiri. Ndinafuna ndione mmene amayendera. Tsopano ndaona.”

“Alangizi,” anatero a Langton, mawu atabwerera, “kwathu kuno mlendo akamabwera timabwereka mipando. Si kuba. Timabweza.”

“Ndikudziwa, kwathunso timatero. Koma mpando umabwerera mlendo atapita. Njuchi sizikubwera kudzacheza, a Langton. Zikubwera kudzakhala. Lachiwiri lotsatira zidzadya chiyani, beseni litabwerera?”

A Langton anayang’ana munda wawo. Unali woyera kuchokera ku khonje mpaka kumsewu, ndipo munali iwo okha ndi nkhuku.

“Kuno ming’oma siibwera chaka chino,” anapitiriza a Lusayo. “Kwa a Vincent ndi a Flossie chimodzimodzi. Minda ina ndiiona ndekha, popanda thobwa.” Anatembenukira kwa a Tinenenji. “Inu mayi munayenera kulandira iwiri. Koma pali vuto. Njuchi zikauluka sizidzaima pa khonje. Zidzafika pa maluwa a a Langton, ndipo akapopera, mudzazitola pansi ndi tsache. Sindingaike ming’oma pafupi ndi mpope. Mukambirane. Lachinayi mundiuze.”

Njinga yamoto inapita. A Vincent ndi a Flossie anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito kunyumba. A Tinenenji anabweza bilimankhwe pa nandolo wake, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi sankaseka.

Madzulo a tsiku lomwelo a Langton anafika pa khonje atavala nsapato zouma. Anapeza a Tinenenji akuthyola chisoso tsidya linalo.

“Aneba, ndakulakwirani. Ming’oma yanu yatsekeka chifukwa cha ine.”

“Yatsekeka ndithu,” anatero a Tinenenji osadzutsa mutu. “Ine ndakubwerekani chule, ndakubwerekani nyongolotsi, imodzi simunabweze n’komwe.”

“Inalowa pansi.”

“Ndiye ili ndi mtima wolimba.”

A Langton anayang’ana mitengo yawo. “Ndikasiya kupopera, nsabwe za m’masamba zindimaliza. Inu simudziwa mmene mtima umandipwetekera ndikaona tsamba litapiringizika.”

“Kwanga nsabwe zimabweranso. Zimapeza ozidya akudikira. Chaka choyamba mudzalira, sindikunamizani. Chachiwiri mudzalira pang’ono.” Anaweramuka. “Mukufuna njuchi kapena mukufuna bwalo la mpira?”

“Njuchi.”

“Ndiye tamverani. Ming’oma ikabwera ndiika pompano, m’mbali mwa khonje, makomo ake atayang’ana kwanu. Njuchi zikadzuka m’mawa ziziyamba ndi maluwa anu, anga pambuyo. Uchi ndi wanga, musayambe kulota. Mvula ikagwa ndikupatsani mbewu ya nandolo ndi maungu mudzale pakati pa mitengo.”

“Nanga ine?”

“Inu munene nokha. Pakamwa muli napo.”

A Langton anavula chipewa, nayang’ana mkati ndi pamwamba pake mosamala, n’kuchigwira pachifuwa.

“Mpope sindiugwiranso. Masamba akagwa agone pomwepo. Ndikaona kachilombo kachilendo, ndiyamba ndakajambula, kenako ndikuitanani inu, tifunse alangizi tili awiri. Ndisanatero sindichita kanthu.”

“Ngakhale manja atayabwa?”

“Ngakhale atayabwa.”

“Ngakhale nditapita kuchigayo?”

“Ndidzakhala pa chitsa n’kukudikirani.”

A Tinenenji anapukuta dzanja pa chitenje n’kulitambasula pamwamba pa khonje, mosamala kuopa minga.

“Lachinayi tikanene limodzi,” anatero.

“Tikanena limodzi,” anatero a Langton, nagwira dzanjalo.